Kachitsulo kamene kanatayidwa kudzala

Kwa Dzoole maukwati amadikira fodya. Mabelo akapita ku okushoni, kaya ku Kanengo kaya ku Chinkhoma, soya ndi mtedza nazo zikagulitsidwa, ndiye mumayamba kumva zimkuzamawu Loweruka lililonse, kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba itagwa. Nyengo imeneyi aliyense wa kaluso kake amadyapo: telala, wojambula zithunzi, mayi wophika keke, mnyamata wobwereketsa jenereta. M'chaka cha 2023 mwana wa mlongo wanga naye anati adyepo, ndipo chida chake chinali choti ambiri kwathuko anali asanachionepo.

Mnyamatayu atamaliza Fomu 4 anatsegula kashopu pamsika, kotchaja mafoni ndi kubena nyimbo. Msuweni wake wa ku Joni, podziwa kuti mwanayu manja ake sakhala phee, anamutumizira kudzera kwa matransipota makina ogwirapo kale ntchito, aja amati pulinta ya 3D, pamodzi ndi mipukutu ingapo ya pulasitiki. Tsiku loyamba anthu anadzaza pakhomo kuonerera makinawo akuumba chipeso pambale yopanda kanthu. Agogo ena, atayang'anitsitsa nthawi yaitali, anafunsa ngati angawaumbirenso mano.

Kuti nkhaniyi imveke, ndiyambe ndakulowetsani m'kati mwa makinawo. Chakudya chake ndi ulusi wa pulasitiki wotchedwa filamenti, wonenepa mamilimita 1.75, umene umabwera wokulungidwa pa mpukutu wa kilogalamu imodzi. Pambali pa makina pali kamota kokhala ndi giya ya mano, kamene kamakankha ulusiwo kulowa m'kapaipi koyera koterera. Kapaipika kunja n'ka mamilimita 4, m'kati 2, ndipo n'kopangidwa ndi PTFE, zomwe zija amamata m'mapoto osakakamira chakudya. Kamatenga ulusi kukafika nawo kumutu wa makina, kumene umasungunuka pa madigiri pafupifupi 200 n'kutulukira pa nozo ya bowo la mamilimita 0.4. Mutuwo umayendayenda, kuyala mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chitaima.

Wakabaza aliyense angazimvetse izi msanga, chifukwa ndi nzeru ya kebulo ya buleki ya njinga. Waya wam'kati amagwira ntchito pokhapokha chikopa chake chakunja chitagwidwa zolimba kumapeto onse awiri. Chikopacho chikamasuka, ungafinye buleki mpaka chala kuwawa, njinga imangopita. Pamakinawa, chogwira kapaipi ndi kakonekita kachitsulo, kamodzi kumbali ya mota, kena pamwamba pa mutu. M'kati mwake muli timano tachitsulo timene timalola paipi kulowa koma n'kuiluma ikafuna kutuluka.

Ntchito ya timanoti si yamasewera. Nthawi iliyonse mutu ukamadumpha kuchoka pena kupita pena, mota imabweza ulusi m'mbuyo mamilimita 5 kapena 6 kuti usadonthe, kenaka n'kuukankhanso. Pa ntchito ya usiku umodzi kukoka ndi kukankha kumeneku kumachitika kambirimbiri, mwina masauzande. Timano timadya paipi pang'onopang'ono mpaka kukumba kamzere, ndipo paipi imayamba kugwedera. Palibe chachilendo pamenepa. Ndi chiwalo chotha ngati ziwalo zonse, ndipo amene akhala ndi makinawa nthawi yaitali amasunga tingapo m'kabati.

Ka mwana wa mlongo wanga kanayamba kugwedera mu Julayi. Panthawiyi bizinesi inali itayamba kumveka. Ankaumba mabatani a wailesi ndi a mbaula zamagetsi amene anasowa m'mashopu, toimikira mafoni, tokolowekera malamba a masipuleya a alimi a tomato, ndi zilembo zoika pamwamba pa keke. Anaona kuti zinthu zayamba kutuluka ndi mipata, ndipo atagwira paipi anamva ikusuntha. Matenda anawapeza bwino, pamenepo ndimuyamikire. Mankhwala ake odziwika ndi osavuta: kudula kumapeto kwa paipi kumene kwadyekako, kuika kakonekita katsopano, basi. Koma katsopanoko ku Mponela kulibe, ndipo kuitanitsa ku Joni kumafuna kudikira wina amene akubwera.

Nditapita kukatchajitsa foni ndinamupeza ali pa laputopu, akujambula.

"Atsibweni, makina awa amadzipangira okha ziwalo," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Ndidikirirenji basi ya ku Joni chifukwa cha kanthu kakang'ono chonchi? Changachi chiposa cha kufakitale. Chilibe mano, ndiye sichidya paipi."

Sanali kunama kwenikweni, ndipo m'pamene pamagona msampha wake. Makina ang'onoang'ono ambiri a mtundu uwu anachokera ku ntchito yotchedwa RepRap, imene Adrian Bowyer anayambitsa pa yunivesite ya Bath ku England m'chaka cha 2005, ndi cholinga chenichenicho choti makina azitha kuumba ziwalo za makina anzake. Mu 2008 anakwanitsa kuumba ziwalo za makina achiwiri. Koma ngakhale iwowo ankaumba zogwirizira ndi magiya okha, mbali zimene moto sufikako. Nozo, mabawuti, mota ndi zonse zokhala pafupi ndi kutentha ankagula kapena kusula ndi zipangizo zopirira moto. Ndipo mwambo wa anthu a makinawa kuyambira kale ndi wakuti makina akayamba kuyenda bwino, choyamba kuumba ndi ziwalo zake zapadera, n'kuzisunga. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: makina akafa saumba kanthu, ngakhale chiwalo chimene chikanawadzutsa.

Chimene anajambula chinali chanzeru ndithu. Kathupi ka mazinga kolowa m'malo mwa kachitsulo kaja, ndi kanati komanga pamwamba kamene kamafinya paipi mozungulira. Anakaumba ndi pulasitiki yomwe anali nayo, yotchedwa PLA, yofiira. Ndinakagwira m'manja, kanali kosalala, kolimba, koti ungakaponde osasweka. Anaumba tiwiri, kena kumota, kena kumutu. Atayesa, mipata yonse inatha. Zinthu zinayamba kutuluka zokongola kuposa kale, ndipo anazijambula n'kutumizira msuweni wake pa WhatsApp. Tizitsulo takale tija anatisiya pawindo. Ana anatitola n'kumaseweretsa, kenaka wosesa anatikokolola pamodzi ndi zinyalala za pamsika.

Miyezi iwiri kakonekita kofiira kaja kanagwira ntchito popanda vuto, ndipo ine ndimaona kuti ichi ndicho chinamupweteka kwambiri. Kakanasweka tsiku lomwelo, akanathamangira kudzala n'kukafukula tizitsulo take. Koma Julayi ndi Ogasiti kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi kumazizira, anthu amagona ndi majuzi, ndipo pulasitikiyo inali pamtendere.

PLA ili ndi khalidwe limene saliona munthu woiyesa ndi dzanja. Kuti isungunuke n'kuyenda imafuna madigiri 200, koma kufewa imayamba kale pa madigiri 55 mpaka 60. Chinthu cha PLA mukachisiya m'galimoto yotseka mawindo padzuwa mumachipeza chitapindika. Komanso ngakhale isanafike pofewa, ikakhala yomangidwa zolimba ndi kukokedwakokedwa, imagonja pang'onopang'ono osaoneka, moti nati imene munamanga lero mumaipeza yamasuka patapita masabata popanda woikhudza. Chachitatu, chinthu choumbidwa ndi makinawa chimakhala cha mizere yosanjikizana, ndipo mphamvu yake ndi yochepa pamene mizere inakumana. Kakonekita koumbidwa choimirira kamakokedwa mbali yomweyo imene n'kofooka. Zitatu zonsezi zinali m'kanthu kofiira kaja kuyambira tsiku loyamba, zikungodikira nyengo.

Kumapeto kwa Seputembala kunabwera oda yaikulu. Banja lina la kumtunda kwathu, mwana wawo wamkazi akukwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito ku Lilongwe, linafuna timphatso 200 togawira alendo: tokolowekera makiyi, tokhala ndi maina a akwati ndi tsiku laukwati, komanso zilembo za pakeke. Anapereka theka la ndalama. Filamenti yoyera ndi yagolide panalibe, ndipo theka lija silikanakwana kuitanitsa, choncho mlongo wanga anakatenga ngongole ku banki mkhonde m'dzina lake. Mayi ukamuuza kuti mwana wako wapeza mwayi, safunsa zambiri.

Filamenti inafika mochedwa, Okutobala ali pakati, kutatsala sabata ndi masiku ochepa. Amene anakhalapo m'kashopu ka malata opanda siling'i mwezi umenewu akudziwa mmene mumakhalira masana. Kunalinso mphepo ya fumbi, ndipo poteteza ntchito yoyerayo kuti isade, mnyamatayu anavundikira makina ndi chikatoni chachikulu. Ganizo labwino pa fumbi, koma mpweya wotentha unasowa kothawira. Kenaka makina amene ankagwira maola atatu kapena anayi patsiku anayamba kuyenda usana ndi usiku.

Pali chinanso chimene anthu a kumaiko kumene magetsi sazimazima sachiganizira. Pamwamba pa nozo pali kachitsulo ka zipsepse kamene kamaziziritsidwa ndi kafani, kuti moto wa pansi usakwere. Makina ukamawazimitsa mwadongosolo, umadikira kaye mutu uzizire fani ikuzungulirabe. Koma magetsi akangoti thi mwadzidzidzi, fani imaima pomwepo pamene nozo idakali pa madigiri 200, ndipo kutentha konseko kumakwera m'mwamba, kukafika pamene pakhala kakonekita. Kachitsulo sikamva kanthu. Ka PLA kamafewa pang'ono, n'kuumanso katasintha. Sabata imeneyo magetsi anazima kangapo.

Chizindikiro choyamba chinali kaphokoso. Mota inayamba kuti go, go, go, giya ikudumpha pa ulusi, ndipo pansi pake panagwa tiufa toyera. Zimenezi zimatanthauza kuti kutsogolo kwatsekeka. Chimene chinachitika n'chakuti mazinga a pulasitiki anagonja, paipi inakwera mwina milimita imodzi yokha, ndipo pakati pa paipi ndi nozo panatseguka kampata. Pulasitiki yosungunuka inadzaza m'kampatako n'kupanga chotsekera. Apa m'pamene panafunika kuimitsa zonse, kumasula mutu ndi kuyang'ana. Koma ukwati unali Loweruka, tsikulo linali Lachiwiri, ndipo timphatso tinali tisanafike ndi theka lomwe.

Iye anakweza moto. Pa 220 zinayendako, n'kutsekekanso. Anakweza pa 240, kenaka 260. M'makina a mtundu umenewu paipi ija imatsika mpaka kukagunda nozo yeniyeniyo, ndipo PTFE ikamayandikira madigiri 250 mpaka 260 imayamba kuonongeka. Imapinimbira, kuda, ndi kutulutsa mpweya woipa umene umadwalitsa munthu ngati chimfine ndipo mbalame umazipha kumene. Amene mumasunga anapiye m'chipinda chimodzi ndi makina otere, imeneyi muimve. Mnyamatayu anadandaula mutu usiku umenewo, n'kumati ndi tulo.

Lachitatu usiku anatchera timphatso tambiri pambale imodzi, anakhoma chitseko, n'kupita kukagona. Mmawa atatsegula, anapeza paipi itazuka, filamenti yagolide itatuluka mamita ambirimbiri n'kupiringizana m'katoni monse, yotafunidwa ndi giya. Mutu wa makina unali utakwiririka m'chibuluma cha pulasitiki youma. Pofuna kuchichotsa mwachangu ndi pulayala, anadula timawaya tiwiri toonda ta kachipangizo koyeza kutentha. Atayatsa, makina analira kamodzi n'kukana kutenthetsa.

Kukanako kunali chisomo. Makina amene ali ndi chitetezo chimenechi amazimitsa moto akaona kuti sakutha kuyeza kutentha bwinobwino. Ena akale otsika mtengo ankabwera opanda chitetezo chokwanira, ndipo kunja kuno alipo amene anayatsa nyumba. Kashopu ka mwana wa mlongo wanga n'kogundizana ndi ena, makinawo anali m'katoni, ndipo chapafupi pomwepo pali mnyamata wogulitsa petulo wa m'mabotolo.

Lachinayi anakwera kabaza mpaka ku Mponela, minibasi mpaka ku Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira 50 pa M1. Anazungulira mashopu a ku Malangalanga ndi kwina, atanyamula kapaipi kopserera m'thumba la malaya. Makonekita a mpweya analipo, a makompuresa ndi a mabuleki a malole, koma aakuluakulu. Ka mamilimita 4 kamene kamalola paipi kudutsa mpaka pansi sanakapeze, ngakhalenso koyezera kutentha kaja. Wina anamuuza kuti mwina ku Blantyre, kumene kuli malo opangira zipangizo a MUBAS, ija inali Polytechnic, amene m'nthawi ya Covid-19 mu 2020 anapanga zotchinga kumaso za ogwira ntchito m'zipatala. Koma Blantyre Lachinayi madzulo, ndalama yoyendera yatha, ukwati mkuja, zinali nkhambakamwa. Anabwerera ndi minibasi yomaliza. Ndinamva kuti Lachisanu m'mamawa anamuona akutakasa kudzala la pamsika ndi kamtengo.

Nkhani yotere mwana sapita yekha. Mwini mbumba ndine, choncho ndinavala jekete n'kumuperekeza. Tinapeza pakhomo pali kale piringupiringu, amayi akusinja, ena akutsuka miphika, mbuzi itamangidwa pamtengo. Anatilandira ndi atsibweni ake a mkwatibwi, bambo wachikulire wodekha. Mnyamatayu anakhala pansi, nayala pamphasa timphatso timene tinatheka, 80 ndi tingapo, ndi zilembo za pakeke zimene mwamwayi anaumba koyambirira.

Bamboyo anatola kamodzi, kukatembenuza, kuwerenga maina. "Ntchito ndiye mumaitha, achimwene," anatero kwa mnyamatayo. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma bambo, tinene kuti awa alandira, awa salandira, tisankha bwanji? Akuchimuna abwera ndi basi yathunthu. Tinawauza kale kuti kuli mphatso."

Panalibe kukalipa, ndipo bola kukanakhala kukalipa. Tinagwirizana kuti timene tilipoto tipite kugome la akuluakulu, ndipo ndalama ya totsalato ibwezedwe tsiku lomwelo kuti akagule masiwiti ndi timipango ku Mponela. Ndalamayo inachoka m'thumba mwanga. Zaukwatiwo ndinangomva kuti unayenda bwino. Ife sitinapiteko.

Pena anthu akamva nkhaniyi amati vuto ndi kukonda zopangapanga, akanangosiya makina mmene anabwerera. Ine pamenepo sindivomereza. Dziko lino likanaima kalekale pakanapanda amisiri a pansi pa mtengo amene amadzutsa zigayo, njinga zamoto ndi mijigo ndi zimene apeza. Kwa aneba athu ku Wimbe, ku Kasungu, William Kamkwamba anapanga magetsi a mphepo ndi njinga yakutha, mapaipi a pulasitiki ndi milimo ya bulugama. Koma chimene ambiri amaiwala pa nkhani yake n'chakuti ataona kuti mawaya ake angathe kuyatsa nyumba, anapanganso chodulira magetsi cha misomali ndi maginito a sipika. Anadzifunsa kuti chinthuchi chikadzalephera, chidzalephera motani, ndipo chidzatenga chiyani popita. Mwana wa mlongo wanga funso limeneli sanalifunse. Anayesa kanthu kake pozizira, masana, iye ali pomwepo, n'kukakhulupirira pa ntchito yotentha, yausiku, ya ndalama za eni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chiwalo choumba yekha chimene chikanamuthandiza chilipo, ndipo n'chaching'ono kuposa chimene anajambula. Ndi kaklipi kooneka ngati chilembo cha C, kolowetsa pansi pa mkombero wa kakonekita kachitsulo kuti timano tija tikhale toluma nthawi zonse, paipi isapeze mpata wogwedera. Kamaumbika m'mphindi zochepa, sikanyamula katundu wolemera, ndipo kakathyoka makina amapitirizabe kuyenda. Akanadula paipi pamene inadyeka, kubwezera kachitsulo kakale ndi kuika kaklipi kameneka, mwina akanadutsa nyengo yonse ya maukwati podikira katsopano. Ndipo ngati munthu wakakamizika ndithu kuumba chogwirira paipi, chikhale cha kumbali ya mota, kutali ndi mutu, ndi pulasitiki yopirirako ngati PETG, imene imayamba kufewa cha m'ma 80. Ngakhale pamenepo mota nayo imatentha, ndiye n'chongodutsira masiku, uku kachitsulo kali m'njira.

Ziwalo zinaitanitsidwa ku Joni sabata yotsatira, koma wobwera nazo ananyamuka mu Novembala, kwacha itangogwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mtengo umene anagwirizana poyamba unasintha katundu ali m'njira. Phukusi lake linali lokwana m'thumba la buluku: tikonekita tinayi, paipi mita imodzi, zoyezera kutentha ziwiri, manozo angapo.

Tsiku lokonza ndinakhala naye. Ntchito yaikulu inali kuchotsa pulasitiki yofiira imene inamatirira m'mazinga a kachitsulo ka zipsepse, ndipo anaitokosa ndi singano atatenthetsa pang'ono, kachidutswa ndi kachidutswa. Zotsalazo zinatha msanga. Anadula paipi ndi lezala latsopano, mowongoka bwino kuti ikakhale thyathyathya pa nozo, chifukwa ikapendekeka ngakhale pang'ono kampata kaja kamabwereranso. Anamanga kakonekita n'kukabweza m'mbuyo kamodzi, anatenthetsa mutu, anakankha paipi mpaka itagunda pansi, ndiyeno anamangitsa kuti mazinga aikanikizire pa nozo. Makina atadzuka, chinthu choyamba kuumba chinali tiklipi tija, tokwanira dzanja, ndipo anatiika m'chitini cha mkaka pamodzi ndi ziwalo zotsalazo. Katoni anaiboola mbali ziwiri. Usiku saasiyanso okha.

Nyengo ya maukwati inali itapita, anthu ali kumunda, ndalama zonse zikupita ku feteleza. Ku banki mkhonde amagawana mu Disembala, ndipo asanagawane ngongole zonse zimayenera kubwerera ndi chiwongoladzanja chake cha mwezi ndi mwezi. Amayi a gululo anabwera kawiri pakhomo pa mlongo wanga, ulendo wachiwiri anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Iye sanafune kuti dzina lake litchulidwe pagulu. Tsiku lamsika anatsogoza mbuzi yake yaikazi, imene inali ndi bere, ndipo wogula, poona kuti mwini wake ali pachangu, anadula mtengo mmene anafunira. Mnyamata akubweza ndalama ya mbuziyo pang'onopang'ono kuchokera ku zotchaja mafoni. Yanga ija sindinaifunse.